Mneni wa Chingerezi "get": momwe mungadziwire tanthauzo lake ndi kumugwiritsa ntchito molondola

Mukatsegula dikishonale yaikulu ya Chingerezi pa liwu loti *get*, mupeza matanthauzo ochuluka moti ena amathera pamenepo kuwerenga. Ophunzira ambiri amayesa kuwaloweza onse pamtima, koma pakangotha sabata amakhala ataiwala. Palibe chifukwa chodzivutitsa chotero. Tanthauzo la mneniyu limachokera ku liwu lomwe lamutsatira. Mukazolowera kuyamba mwayang'ana liwu lotsatiralo musanamasulire, matanthauzo onse aja amagawika m'magulu ochepa, ndipo magulu ambiri ali ndi anzawo m'Chichewa omwe mumawadziwa kale.

Yambani ndi maonekedwe ake

Mneniyu amaoneka motere: *get*, *gets*, *getting*, *got*. Onetsetsani kuti *getting* mwalemba ndi t awiri. Nthawi yakale ndi *got*, ndipo pambuyo pa *have* kapena *has* anthu a ku Britain amanenanso *got*, pomwe a ku America ndi ku Canada amanena *gotten*. Sukulu za ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe zimatsata kalembedwe ka ku Britain, choncho pamayeso lembani *got*. Sikuti *gotten* ndi Chingerezi chosweka ayi. Ndi liwu lakale lomwe ku Britain linasiyidwa, koma likumvekabe mu *forgotten* ndi m'mawu oti *ill-gotten gains*, kutanthauza chuma chopeza mwachinyengo.

Pambuyo pa *did* ndi *didn't*, mneni amabwerera pa tsinde lake. Nenani *Did you get it?* komanso *I didn't get it*. Chiganizo choti *Did you got it?* ndi cholakwika chifukwa *did* wasenza kale nthawi yakale.

Samalaninso katchulidwe. Mawu a Chichewa amathera ndi lembo la liwu, motero lilime limafuna kuwonjezera i kumapeto n'kunena kuti "geti". Womvera amaganiza za geti la pampanda. Litchuleni mwachidule ndipo muime pa t.

Ngati *get* watsatiridwa ndi dzina la chinthu

Apa *get* akunena kuti chinthu chafika m'manja mwa munthu. Njira yomwe chafikira ndiyo imasiyana, ndipo Chichewa chili ndi mneni wakewake pa njira iliyonse. *I got your message* ndi kulandira. *He got a job in Lilongwe* ndi kupeza. *Where did you get those shoes?* kawirikawiri ndi kugula. *She got malaria* ndi kudwala. *We got a taxi* ndi kukwera. *I don't get it* ndi kumvetsa, chifukwa mfundo nayo imachita kufika m'mutu.

Tanthauzo limodzi lofunika kuligwira bwino ndi la kukatenga. Mukati *Get me some water*, mukunena kuti "kanditengere madzi": munthuyo apite, atenge, abwere nawo. Ka- wa m'Chichewa uja ali m'kati mwa *get*. *Bring* ndi kubweretsa kuno basi, pomwe *take* ndi kuchoka nacho kupita kwina. Wina akagogoda pakhomo kapena foni ikalira, munthu n'kunena kuti *I'll get it*, ndiye kuti akukatsegula kapena akukayankha iyeyo. Pamalo odyera, *I'll get this* ndi kunena kuti "ndilipira ndine".

Pali misampha iwiri yomwe imakola olankhula Chichewa pano. Woyamba ndi wa "kupeza". Ife timati "mundipeza ku ofesi", "ndinamupeza akudya". Kupeza munthu pamalo kapena kupeza chinthu chomwe chinatayika ndi *find*: *You will find me at the office*, *I found him eating*. Mukanena *You will get me at the office*, mlendo akhoza kumva kuti mukufuna adzakutengeni kumeneko kapena akuimbireni foni.

Msampha wachiwiri ndi funso loti *Are you getting me?* Kwathu limamveka bwino chifukwa "kumva" kumatanthauza zonse ziwiri, kumva ndi khutu ndi kumvetsa. M'Chingerezi zinthu ziwirizi zimasiyanitsidwa. Netiweki ikamadukaduka funsani kuti *Can you hear me?* Mukafuna kudziwa ngati mnzanu watola mfundo, nenani *Do you get it?* Kwa bwana kapena munthu wamkulu, *Does that make sense?* ndiye mawu aulemu.

Ngati *get* watsatiridwa ndi mfotokozi

Tanthauzo limasanduka kusintha, kuchoka mumkhalidwe wina kulowa mu wina. Chichewa chimanena zimenezi ndi mneni mmodzi: kutopa, kukwiya, kunyowa, kukalamba, kuchira. Chingerezi chimafuna mawu awiri: *get tired*, *get angry*, *get wet*, *get old*, *get better*. *It's getting dark* ndi "kunja kukuda". *Sugar is getting more expensive* ndi "shuga akunka nakwera mtengo".

Siyanitsani *be* ndi *get*. *I am tired* akunena momwe mulili panopa. *I get tired quickly* akunena za kufika potopa. Liwu lathu loti "ndatopa" limanyamula zonse ziwiri, n'chifukwa chake ambiri amanena *I have got tired* pomwe akungofuna kunena kuti *I'm tired*.

Malire ake ndi awa. Munthu akasanduka chinachake chomwe ndi dzina, gwiritsani ntchito *become*. *He became a teacher* ndi "anakhala mphunzitsi", koma *He got a teacher* ndi "anapeza mphunzitsi". Kusintha kwa mtundu kumakonda *turn*, monga *The leaves turned yellow*, ndipo kuwonongeka kwina kumakonda *go*: mkaka ukasasa amati *The milk has gone sour*.

M'gulu lomweli muli *get used to*, kuzolowera. Mneni wotsatira apa amathera ndi *-ing*: *I am getting used to waking up early*. Ambiri akaona *to* amathamangira kunena *to wake*, koma *to* ameneyu ndi mperekezi, ndiye amafuna dzina kapena mneni wa *-ing*.

Ngati *get* watsatiridwa ndi malo

Tanthauzo ndi kufika. *We got to Mzuzu at six*. *How do I get to Limbe market?* Ikani *to* patsogolo pa dzina la malo, koma musamuike patsogolo pa *home*, *here* ndi *there*: *I got home late*, *What time did you get there?* Aneni ena a kufika ali ndi malamulo awo. *Arrive* amatenga *in* pa mzinda kapena dziko ndi *at* pa malo aang'ono, pomwe *reach* safuna mperekezi aliyense: *We reached Mzuzu*.

Ngati pambuyo pa *get to* pabwera mneni m'malo mwa dzina la malo, tanthauzo ndi kupeza mwayi. *I got to see the lake* ndi "ndinapeza mwayi woona nyanja". *Get to know someone* ndi kuyamba kumudziwa munthu pang'onopang'ono.

Pa nkhani ya kukwera ndi kutsika, gawani zokwera pawiri. Basi, sitima, ndege, njinga yakapalasa ndi yamoto zimatenga *get on* ndi *get off*. Galimoto yaing'ono ndi takisi zimatenga *get in* kapena *get into*, ndi *get out of*. Pa minibasi mumva zonse ziwiri. Mawu oti *I will drop here*, omwe amamveka tsiku ndi tsiku m'minibasi za kwathu, kunja samveka motero. Wokwera amati *I'll get off here*. Wotsitsa munthu ndi dalaivala, choncho *Drop me at the stage* ndi chiganizo chabwino, kungoti m'mayiko ambiri siteji amati *bus stop*.

Ngati *get* watsatiridwa ndi mneni wina wa mtundu wa *broken*, *paid* kapena *stolen*

Uwu ndi msintho wochitidwa, uja wa -idwa ndi -edwa. *He got arrested*, anamangidwa. *My bag got stolen*, chikwama changa chinabedwa. *She got promoted*, anakwezedwa pantchito. *We get paid on the 25th*, timalandira pa 25. Kalankhulidwe aka kamakwana pa zinthu zogwera munthu, zabwino kapena zoipa, makamaka zadzidzidzi. Pa zinthu zokhalitsa kapena zochita kukonzekera gwiritsani ntchito *be*: *She is loved by everyone*, *The house was built in 1990*.

Palinso kagulu ka mawu omwe amaoneka ngati ochitidwa koma munthu amachita yekha: *get dressed*, kuvala, *get changed*, kusintha zovala, *get lost*, kusochera, *get married*, kulowa m'banja. Chingerezi sichisiyanitsa kukwatira ndi kukwatiwa. Mwamuna ndi mkazi yemwe, onse ndi *get married*, ndipo mperekezi wake ndi *to*: *She got married to a teacher*. Ambiri amanena *with* chifukwa cha "ndi" wa mu "anakwatirana ndi". Kumbukiraninso kuti *get married* ndi tsiku la ukwatilo. Ponena zaka zomwe anthu akhala m'banja nenani *They have been married for ten years*.

Kuchititsa: pomwe Chichewa chimakuthandizani kwambiri

Gawo ili ndi lomwe limavuta ophunzira ambiri, chonsecho olankhula Chichewa ali nalo kale m'kamwa. Timasiyanitsa kumeta ndi kumetetsa, kusoka ndi kusoketsa, kukonza ndi kukonzetsa, kugaya ndi kugayitsa. Mukapita kwa telala simusoka, mumasoketsa. Chingerezi chilibe -itsa kapena -etsa, ndiye ntchito imeneyo amaigwira ndi *get*.

Mangani chiganizo motsatira ndondomeko iyi: choyamba *get*, kenako chinthucho, pomaliza mneni wa mtundu wa *made* kapena *repaired*. "Ndasoketsa diresi" ndi *I got a dress made*. "Ndikukakonzetsa foni" ndi *I'm going to get my phone repaired*. "Ndametetsa" ndi *I got my hair cut*. Mukanena *I cut my hair*, mawuwo paokha akunena kuti munadzimeta nokha. Cholakwika chofala ndi kusuntha chinthucho n'kuchiika kumapeto, monga *I got repaired my phone*. Chinthu chikhale pakati nthawi zonse.

Mukafuna kutchula munthu yemwe wagwira ntchitoyo, ndondomeko imasintha: *get*, kenako munthuyo, kenako *to* ndi tsinde la mneni. *I got the mechanic to check the brakes*. *She got her son to wash the plates*. Apa muli kupempha kapena kunyengerera. Musamusiye *to*. Chisokonezo chimabwera chifukwa aneni atatu oyandikana naye samufuna: *make* wa kukakamiza, *let* wa kulola, ndi *have* wa kutuma. Choncho ndi *She made him wash the plates*, koma *She got him to wash the plates*. Poyambapo mwanayo analibe kuchitira mwina. Pachiwiripo mayiyo anachita kulankhula naye mpaka anavomera.

Chenjerani ndi chiganizo ngati *He got his phone stolen*. Kamangidwe kake n'kofanana ndi ka kusoketsa kaja, koma sakunena kuti anatuma munthu kuti abe foniyo. Akunena kuti anamubera. Nkhani yonse ndiyo imakuuzani ngati munthuyo anafuna kuti zichitike kapena zinangomugwera.

Mungathenso kuika mfotokozi kapena mneni wa *-ing* kumapeto: *Get the children ready* ndi "akonzekeretseni ana", ndipo *He got the engine running* ndi "anakwanitsa kuliza injini".

*Have got* alibe kupeza m'kati mwake

Ku Britain, *I've got a car* ndi "ndili ndi galimoto", chimodzimodzi ndi *I have a car*. Amagwira ntchito pa nthawi yatsopano yokha. Pa zakale nenani *I had a car*. Pofunsa sankhani njira imodzi, *Have you got change?* kapena *Do you have change?*, osaphatikiza ziwirizo. Yankho lalifupi la funso loyambalo ndi *Yes, I have*, popanda *got*. Anthu a ku America amasiyanitsa *I've got a car*, ndili nayo, ndi *I've gotten a car*, ndaipeza.

Si "ndili ndi" aliyense yemwe ndi *have got*. Zaka, njala, ludzu, mantha ndi tulo zimayenda ndi *be*: *I am 20*, *I'm hungry*, *I'm thirsty*, *I'm afraid*, *I'm sleepy*. Chiganizo choti *I've got 20 years* chimasiya womvera akudikira kuti mumalize, ndipo wina akhoza kuganiza kuti mukunena za zaka zokakhala kundende. Pa zochitika monga kudya ndi kusamba, *got* salowapo: *I have lunch at one*.

*Have got to* ndi kuyenera: *I've got to go*, ndiyenera kupita. M'mafilimu ndi m'nyimbo mumva *gotta*. Limveni, koma musalilembe m'kalata kapena pamayeso.

Timawu ting'onoting'ono totsatira *get*

Mawu ngati *up*, *by*, *over* ndi *through* akaphatikana ndi *get* amapanga mneni watsopano, ndipo awa ndiwo ofunika kuloweza limodzi ndi chiganizo chawo. *Get up* ndi kudzuka pabedi, mosiyana ndi *wake up* yemwe ndi kutsegula maso chabe. *Get by* ndi kukwanitsa kukhala ndi zochepa zomwe zilipo, kuja timati "tikungoyesayesa". *Get over* ndi kuchira ku matenda kapena ku chisoni. *Get on with someone*, kapena *get along with* monga amakondera a ku America, ndi kugwirizana ndi munthu, pomwe *get on with your work* ndi "pitirizani ntchito". *Get away with* ndi kulakwa osalangidwa. *Get through to someone* ndi kumupeza munthu pafoni. *Get back to someone* ndi kudzamuyankha pambuyo pake. *Get rid of* ndi kuchotsa kapena kutaya chinthu chosafunika. *Get round to* ndi kupeza mpata wochita chinthu chomwe mwakhala mukuzengereza, ndipo mneni wotsatira amathera ndi *-ing*.

Vuto lenileni ndi malo a mlowam'malo. Ngati tanthauzo ndi kusuntha chinthu, *it* kapena *them* amalowa pakati: *I got it back*, ndachitenganso, *Get them out*, atulutseni. Ngati kaliwu kaja ndi mperekezi, mlowam'malo amabwera kumapeto: *She got over it*. Taonani kusiyana kwake: *get over it* ndi kuiwala zomwe zinakupwetekani, koma *get it over with* ndi kuchita msanga chinthu chosakondweretsa kuti muthane nacho.

Zining'a

Zining'a za Chingerezi, monga zathu, sizilola kusintha liwu. *Get the sack* ndi kuchotsedwa ntchito. Mukati *get a sack* mwangotenga thumba. *Get cold feet* ndi kubwerera m'mbuyo chifukwa cha mantha nthawi itatsala pang'ono, monga ukwati uli pafupi, ndipo ndi *feet*, osati *legs*. *He gets on my nerves* ndi "amandikwana". *Get wind of something* ndi kumva mphekesera ya nkhani yomwe eni ake amabisa. *Get the hang of it* ndi kuyamba kuzolowera kachitidwe ka chinthu, monga makina atsopano. *Get the wrong end of the stick* ndi kumva nkhani mopotoka. *Get carried away* ndi kutengeka mpaka kupyola muyezo.

Mawu ena ndi amwano ngakhale amaoneka ofatsa. *I got lost* ndi "ndinasochera", koma kuuza munthu kuti *Get lost!* ndi kumuthamangitsa mwachipongwe. *Get out!* ndi *Get a life!* nawonso amapsetsa mtima. Kwa omwe akugwira ntchito yosamalira okalamba kapena odwala ku Britain, Ireland ndi South Africa, lamulo lopanda chofewetsera ngati *Get up* kapena *Get dressed* limamveka lankhanza. Nenani *Let's get you up* kapena *Shall we get you dressed?* Ku Britain samalaninso kuti musasokoneze *get on with* ndi *get off with*, chifukwa mawu achiwiriwa amanena za chibwenzi chogwiranagwirana.

Pomwe muyenera kumupewa

*Get* ndi mneni wa pakamwa ndi wa mauthenga a pafoni. M'kalata yofunsira ntchito, mu lipoti ndi m'chimangirizo cha pamayeso a MSCE, sankhani mneni wolunjika: *receive* pa kulandira, *obtain* pa kupeza satifiketi kapena chilolezo, *become* pa kusintha, *arrive* pa kufika, *understand* pa kumvetsa. *I obtained my certificate in 2021* akukwana m'kalata kuposa *I got my certificate*. Koma musapitirire nazo mpaka pocheza. Kuuza mnzanu kuti *I obtained bread* kumamveka ngati mukuwerenga chikalata cha kukhoti. Mu imelo ya kuntchito, *I'll get back to you tomorrow* ndi Chingerezi chovomerezeka.

Momwe mungayeserere

Tengani kope, mugawe tsamba m'magawo asanu ndi awiri: dzina, mfotokozi, malo, ochitidwa, kuchititsa, *have got*, ndi timawu totsatira. Tsiku lililonse tolani ziganizo zisanu zokhala ndi *get* kuchokera pa wailesi, m'filimu kapena m'mauthenga omwe mwalandira. Zolankhula ndizo zili ndi zitsanzo zambiri kuposa nyuzipepala. Pa chiganizo chilichonse dulani mzere kunsi kwa liwu lotsatira *get*, chiikeni m'gawo lake, lembani Chichewa chake, kenako pangani chiganizo chanu cha mtundu womwewo chonena za tsiku lanu. Pakatha masiku atatu, phimbani Chingerezicho ndipo muchibweze kuchokera ku Chichewa. Apa m'pamene zolakwika za *to* ndi za malo a chinthu zimaonekera.

Yesani ndi chiganizo ichi: *I got up late, got a minibus to town, got my shoes mended and got home before it got dark.* *Got* woyamba watsatiridwa ndi *up*, ndiye ndi kudzuka. Wachiwiri watsatiridwa ndi dzina la chokwera, ndiye ndi kukwera. Wachitatu ali ndi chinthu pakati ndi mneni kumapeto, ndiye ndi kusoketsa. Wachinayi ali ndi malo, wachisanu ali ndi mfotokozi. M'Chichewa chikutuluka chotere: ndinadzuka mochedwa, ndinakwera minibasi kupita m'tauni, ndinasoketsa nsapato, ndipo ndinafika kunyumba kusanade.